Mlimi wa Mbande Amene Anaitana Anthu a Mayeso

Panali munthu wina wa ku Thyolo amene ankamezanitsa mbande za mapeyala. Dzanja lake linali labwino: mbande imene wamezanitsa inkagwira, ndipo pakatha zaka zitatu inkayamba kubereka. Kuseri kwa nyumba anali ndi nazale, machubu ali ndandanda pansi pa shedi ya udzu. Koma mbande sizidikira munthu. Zikapanda kupita kumunda mvula yoyamba itagwa, mizu imaboola chubu n'kulowa pansi, ndipo ukazizula zimafota usanafike nazo kutali. Ntchito yake ya chaka chonse inkayenera kupeza ogula m'masabata ochepa amenewo.

Munthuyu anatsegula tsamba la pa intaneti kuti ogula azimupeza. Mukudziwa mmene zimayendera. Munthu amalemba pa foni mawu a chinthu chimene akufuna, ndipo makina ofufuzira amamubweretsera masamba amene ali ndi mawu amenewo. Patsamba lake panali chithunzi cha nazale, nambala ya foni, ndi kachiwerengero kosonyeza anthu amene alitsegula. Kachiwerengeroko kankayenda ngati nkhono. Iye ankakayang'ana m'mawa ndi madzulo, mtima ukumuwawa.

Tsiku lina m'chilimwe anapita kumsika ndipo anapeza aliyense wawerama pa foni. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinali pafupi kutuluka, ndipo makolo ndi ana omwe ankazifunafuna. Munthu uja anati mumtima, anthu ndi awa, ine ndikuwasowa bwanji? Atafika kunyumba anafufuta mutu wa tsamba lake n'kulembapo kuti, "Zotsatira za mayeso a Fomu 4." Mawu omwewo anawamwaza paliponse, pamwamba ndi pansi pa chithunzi cha mbande.

Makina aja anapusitsika. Kachiwerengero kanayamba kuthamanga, ndipo mwini wake anayamba kuyenda monyang'wa. Ankaonetsa foni kwa ometa tsitsi, kwa akabaza, ngakhale kwa anthu amene sanamufunse.

Kenaka foni inayamba kulira. Woyamba anali bambo wina wofunsa ngati mwana wake wakhoza. Wachiwiri anali mtsikana, akutchula nambala yake ya mayeso. Poyamba ankawayankha mwaulemu kuti iye amagulitsa mbande, mwina angafuneko. Palibe anafuna. Ena anamutukwana, ena anangodula. Foni inkalira ali kuthirira, ali kudya, ali m'tchalitchi.

Mkazi wake anati, "Bambo a Lonjezo, anthuwa mwawaitana nokha. Chotsani mawu amene aja."

Iye anati, "Mayi, simukuona kuchuluka kwa anthu? Mwa onsewa wina adzagula."

Ndipo sanachotse. Anangosintha kayankhidwe. Foni ikalira ndi nambala yachilendo, sankadikiranso kuti woimbayo apereke moni. Ankakuwa kuti, "Kuno kulibe zotsatira, mundisiye!" n'kudula. Kunena zoona, ine ndimachita manyazi ndikafika apa, chifukwa munthuyu sanali wamwano chibadwire. Anali munthu wolemekeza alendo, woti ukafika pakhomo pake amakupatsa mpando asanakufunse chimene wadzera.

Zotsatira zinatuluka, foni inatonthola, kachiwerengero kanabwerera kuulesi wake. Mitambo inasonkhana, mvula inagwa. Mbande zinali zonse mu nazale, ndipo atanyamula chubu chimodzi anamva muzu ukuduka pansi.

Apo anamanga mbande zingapo panjinga n'kuyamba kuyenda nazo m'midzi. Atawoloka mtsinje anaona anthu ambiri ali pamtunda, ena akukumba mayenje, ena akubzala. Anayandikira ndipo anaona kuti akubzala mapeyala omezanitsa, mtunda wonsewo, mpaka kukafika kumalire a munda wa tiyi. Linali gulu la alimi, ndipo wapampando wawo anali mayi wina wachikulire dzina lake Nasibeko.

Munthu uja anapereka moni n'kufunsa, "Mayi, mbande zonsezi mwazitenga kuti?"

"Ku Mulanje, bambo. Tinachita kupeza galimoto. Zina zatifera panjira."

"Ku Mulanje! Chonsecho ine ndili tsidya ilo, nazale yodzaza. Bwanji simunandifunefune?"

Mayi Nasibeko anaika khasu pansi n'kumuyang'anitsitsa. Anati, "Talankhulaninso." Iye anabwereza, ndipo mayiwo anagwedeza mutu.

"Mawu anu ndawazindikira. Tinakufunafunani, bambo. Ndinalemba pa foni kuti mbande za mapeyala ku Thyolo. Tsamba lanu linali pansi penipeni, mutu wake ukunena za mayeso. Anzangawa anati tilisiye, ndi la akuba. Koma ine nditaona chithunzi ndinati ayi, dzanja limene lamezanitsa mbande izi ndi la munthu wodziwa. Ndinaimba pamaso pa gulu lonseli. Ndisanati n'komwe muli bwanji, munati kuno kulibe zotsatira, mundisiye."

Anthu anali atasiya kukumba. Palibe anaseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. Munthu uja anaima atagwira njinga, mutu uli pansi, manyazi atamugwira. Anatembenuza njinga n'kuikankha mpaka kwawo, mbande zikufota kumbuyo.

Atafika, mkazi wake anaona mbande zabwerera. Iye anakhala pansi pa shedi, anatulutsa foni, n'kufufuta mawu onse a mayeso. Analemba mutu watsopano: "Mbande za mapeyala zomezanitsa, ku Thyolo." Pansi pake anafotokoza mitundu imene ali nayo, nthawi yobzala, ndi njira yofikira pakhomo pake. Oimba anachepa kwambiri, ndipo aliyense woimba ankafunsa za mbande. Koma mayenje a tsidya lija anali atakwiriridwa kale, ndipo chaka chimenecho mbande zake zambiri zinazika mizu mu nazale momwemo.

Tsono inu amene mwabwera kudzaphunzira kukonza masamba a malonda anu, ndikuona mmene mumakondera kachiwerengero kaja. Kamakoma, koma sikanagulepo mbande. Musanalembe mutu wa tsamba, ganizirani munthu mmodzi amene akufunadi chimene muli nacho. Mudzifunse kuti akagwira foni amalemba mawu ati, m'chilankhulo chiti, akutchula dera liti. Lembani mawu amenewo, ndipo chimene mutu walonjeza chipezeke patsambapo. Mukabwereka mawu a eni ake kuti mukope gulu, gululo lidzabweradi, lidzakutopetsani, ndipo wogula wanu weniweni akadzaimba ali pakati pawo, mudzamudulira foni ndi dzanja lanu lomwe.