Tsiku Limene Chigayo Adakana Kugwa

Kalekale, msewu wa ku Mponela usanaone phula, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu. Magazi ake ndi omwe akuyenda mwa inumu, ndiye lekani kugwedezanako mumve. Chinali chimunthu, khosi ngati mtondo, ndipo anthu adangomupatsa dzina loti Chigayo.

Yotamu adapita ku Halale akadali mnyamata. Anzake adabwerako ndi njinga ndi mabulangete. Nanga iye adabwera ndi chiyani? Masewera ogwetsana! Kumeneko ankasesa m'holo momwe amuna amphamvu ankagwetsana, anthu atalipira pakhomo. Kusesa, kuonerera, kusesa, kuonerera, mpaka adaphunzira. Adadziwanso chinsinsi chimene oonerera sankachidziwa, choti awiri aja asanalowe m'bwalo amakhala atapangana kale kuti agwe ndani, ndipo agwe bwanji.

Atabwerera kuno adapempha chigafa cha fodya kwa mlongo wake Nangondo. Pansi adayala makoko a mtedza, pamwamba ziguduli, m'mbali adakunga zingwe za khonje. Sukulu ndi imeneyo. Anyamata adabwera kuchokera ku Madisi, ku Ntchisi, wina wapansi kuchokera ku Kasungu, aliyense atatukumula chifuwa, ati adzaphunzire kuthyola anthu. Mukuganiza adawaphunzitsa kuthyola? Ayi ndithu. Dzinja lonse kunali kugwa. M'mawa kugwa, masana kugwa, dzuwa likapendeka kugwanso.

"Chibwano pachifuwa! Tambasula manja! Igwa ndi msana wonse!" ankakuwa motero Yotamu. Akatopa ankawakhazika pansi n'kunena kuti, "Mnzako akakulola kuti umunyamule, wakupatsa thupi lake. Wanyamula mwana wa eni. Umutule bwino."

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ankakwera ngolo kupita m'misika. Ankamanga mpanda wa udzu, anthu n'kumalipira pakhomo. Ndalamazo anyamata aja adavala nazo, ena adamanga nazo mabanja. Onse ankagwa pamaso pa anthu, lero uyu, mawa uyo, kupatula mmodzi. Amayi adafika popeka nyimbo: "Chigayo sagwa, Chigayo sagwa, agwa ndi mnzake!" Nyimbo imeneyo inkamukoma Yotamu kuposa mowa.

Mwa ophunzira onse, amene ankamunyadira anali muphwa wake Yowasi, mwana wa Nangondo. Anali wowonda, wofatsa, ndipo ukamuponya ankatera ngati mphaka. Mwa mwambo wathu, za malume wolowa ndi mwana wa mlongo, choncho aliyense ankadziwa kuti sukulu idzakhala ya Yowasi.

Zaka zidapita, maondo a Yotamu adayamba kulira. Tsiku lina adaitana Yowasi.

"Muphwa, pamsika wa Mponela ukandigwetse. Anthu aone ndi maso awo kuti sukulu ndakusiyira."

"Atsibweni, ine kugwetsa inu? Nanga amayi akamva?"

"Ndanena ndanena. Ndidzakukweza pamwamba ngati ndikufuna kukuponya. Iwe udzangolekerera thupi. Ndikadzapinda maondo, udzatsetsereke kumsana kwanga n'kundikoka. Ine ndidzagwa chagada."

Adayeserera m'chigafa muja anyamata onse akuona, mpaka zidakhala myaa. Yotamu ankagwa bwino, n'kudzuka akuseka. Kugwa anthu kulibe n'kosavuta, ana inu.

Tsiku lidafika. Mpanda udadzaza, ena adakwera m'mitengo. Awiriwo adagwirana, adapotokolana, fumbi lili koboo. Kenaka Yotamu adamukweza Yowasi pamwamba penipeni, monga adapanganira. Chotsala chinali kupinda maondo basi.

Pomwepo woledzera wina adakuwa, "Wakalamba Chigayo! Taonani miyendo ikunjenjemera! Lero agwa!" Amayi pofuna kumutsutsa adaiyamba nyimbo ija, mpanda wonse n'kuvomera. Chigayo sagwa! Chigayo sagwa! Yotamu adaimirira muphwa wake ali m'manja, nyimbo ikumulowa m'makutu. Mumtima adati, "Chaka chino chokha. Ndidzagwa chaka chamawa. Yowasi amadziwa kutera."

Adamuponya kutsogolo.

Kodi munthu angatere bwanji asakudziwa kuti akuponyedwa? Yowasi anali atalekerera thupi, akudikira maondo a atsibweni ake. Chibwano sadachiike pachifuwa, manja sadatambasule. Adagwera chiuno pamtengo wokungira zingwe, khu! Nthungululu zidalira. Amuna adamunyamula Yotamu pamapewa kuzungulira naye mpanda. Ali pamwamba pomwepo adacheuka, n'kuona Yowasi akuyesa kudzuka, miyendo osamumvera.

Adathamangira naye kuchipatala cha mishoni pangolo. Moyo udatsala, koma miyendo idapita. Nangondo adamufunsa akulira, "Mwana wanga, iwe sulakwitsa kugwa. Chachitika n'chiyani?" Yotamu anali chilili pakhomo, mtima uli m'mwamba. Yowasi adayang'ana atsibweni akewo, kenaka adati, "Ndinaterereka, amayi." Mawu amenewo adamupweteka Yotamu kuposa mmene kutukwanidwa kukadamupwetekera.

Anthu akunja adati ndi ngozi. Koma anyamata a m'chigafa muja? Iwo adaona kuyeserera kuja. Yotamu atawaitana kuti ayambenso, adaima pakati pa ziguduli n'kutambasula manja. "Bwera, Lefani, ndikunyamule." Lefani adayang'ana pansi. "Aphunzitsi, pepani. Thupi ndili nalo limodzi lokhali." Adaitana wina, zii. Adaitana winanso, zii. Mmodzimmodzi adakulunga mikeka yawo, wa ku Kasungu uja n'kuyamba wapansi monga adabwerera. Chaka chotsatira, Nangondo adabwezeramo fodya m'chigafa muja.

Yotamu adapita kwa muphwa wake, adakhala pansi, chimunthu chonse chija. "Muphwa, ndidalakwa. Sukulu ndi yako. Aitane anyamata, kwa iwe abwera."

Yowasi adayankha mofatsa monga mwa masiku onse. "Atsibweni, ndikawaonetsa kugwa ndi miyendo iti? Ndidakupatsani thupi lili lathunthu. Ngati muli ndi choti mundipatse, ndibwezereni limenelo."

Madzi akatayika saoleka.

Yotamu adakhala ndi moyo nthawi yaitali, ndipo mphamvu sizidamuthere msanga. Adalima munda wa Yowasi, adamufolerera nyumba, adamutemera nkhuni mpaka imvi zili mbuu. Zonsezo Yowasi ankalandira n'kuthokoza. Koma ikafika nthawi yomukweza pangolo kupita kutchalitchi, Yotamu akangowerama kuti amunyamule, Yowasi ankakweza dzanja. "Aliyense andinyamule, koma atsibweni ayi." Ankadikira padzuwa mpaka padutse munthu wina, ngakhale wofooka. Yotamu ankaima pambali manja ali lende, misozi ikutsika, anthu osadziwa chimene akulirira. Adamwalira asadamukhudzenso.

Ine nkhaniyi imandiwawa, chifukwa Yotamu sanali munthu woipa. Adangomvera nyimbo kanthawi kochepa. N'chifukwa chake pamtundu pathu pano, mwana akamakwatira kapena akamayamba ntchito ndi mnzake, timamuuza kuti zimene mwapangana awiri m'nyumba usakazisinthe chifukwa cha nthungululu za pabwalo. Oimba aja dzuwa likalowa amapita kwawo, iwe n'kutsala ndi amene wamupweteka.