Nyemba za Nangondo ndi Misozi ya a Sandalamu

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere ndi mano omwe, kunali mudzi wina patsinde pa phiri. Dzina lake musandifunse, inenso sindinauzidwe. Mudziwo unali ndi ngalande imodzi yokha. Inkatenga madzi mumtsinje wa m'phirimo n'kutsika nawo m'madimba a anthu, kuyambira dimba loyamba kumtunda mpaka lotsiriza kumunsi. Lotsirizalo linali la mayi wina wamasiye, dzina lake Nangondo, wa ana atatu.

Chaka chilichonse akatha kukolola, anthu ankasankha wogawa madzi. Ntchito yake inali kulawirira m'mamawa, kuchotsa matope m'ngalande, kutseka apa ndi miyala, kutsegula apo, kuti dimba lililonse limwe pa tsiku lake. Ofuna ntchitoyo ankaima pabwalo, ndipo aliyense ankakaima kumbuyo kwa munthu amene wamufuna. Wa mzere wautali ndiye ankapatsidwa khasu la ngalande. Wina aliyense sankaloledwa kuligwira khasulo.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inadula msanga. Chimanga chinauma chisanabereke. Nkhokwe zinangoti kukamwa yasa. Nangondo anatenga mbuzi yake, imodzi yomweyo, nakasinthanitsa ndi mbewu ya nyemba. Nyembazo zikanapanda kubereka, analibenso china chodyetsa ana ake mpaka mvula ina.

Ofuna khasu anali awiri. Woyamba anali a Kholowa, amene analigwira zaka zitatu. Munthu wake anali wolusa nkhope. Ukawapatsa moni ankangoti "mm" osatembenuka n'komwe. Koma ngalande ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Wachiwiri anali a Sandalamu. Eee, a Sandalamu! Pamaliro sankasowa. Ankafika oyamba, mtolo wa nkhuni uli paphewa, n'kulira kuposa anamfedwa. Amuna a Nangondo atamwalira, iwowa analira mpaka mawu kutha. Koma matope a m'ngalande anali asanawapondepo chibadwire.

Musaganize kuti Nangondo anali wopusa, ana inu. Ankadziwa bwinobwino amene amadziwa madzi. Tsiku losankha litafika, ananyamuka kulunjika kwa a Kholowa. Anaponda kamodzi, anaponda kawiri. Apo a Sandalamu anamuyang'ana ndi maso awo achisoni aja, nati, "Mlamu, akudya chiyani ana amasiye aja?"

Manyazi anamugwira. Miyendo inakhota yokha, nakaima kumbuyo kwa a Sandalamu. Ndipo si iye yekha. Nanga ndani m'mudzimo analibe manda amene a Sandalamu anakalirapo? Mzere wawo unatalika mpaka kukafika kukhola la ng'ombe. Kumbuyo kwa a Kholowa kunaima anthu anayi. A Kholowa anapereka khasu, nalavula pansi, ulendo kwawo.

Nangondo anadzala nyemba zake. Zinamera, zinabiriwira, mtima wake unakhala pansi.

A Sandalamu sanali wakuba, ndisawanamizire. Vuto lawo linali lomwe lija. Akamva kuti kuseri kwa phiri kwagwa maliro, khasu pansi, ulendo. Akamva kuti kutsidya kwa mtsinje kwagwa maliro, khasu pansi, ulendo. Matope anadzaza m'ngalande. Anthu a kumtunda ataona kuti madzi achepa, anayamba kugumula okha kuti madimba awo amwe. Madzi ankathera panjira, kwa Nangondo osafika ndi dontho lomwe.

Anayamba kutunga ndi mtsuko kumtsinje, mtunda wautali, kupita ndi kubwera mpaka khosi kuuma. Koma mtsuko sungamwetse dimba lonse. Anapita kwa a Sandalamu, anauzidwa kuti ali kumaliro. Anapitanso, kumaliro. Ulendo wachitatu anawapeza, nawatenga mpaka kudimba. Ataona masamba atasanduka achikasu, a Sandalamu anaika manja kumutu.

"Kalanga ine, nyemba za mlamu wanga!"

Analira ndithu, misozi chuchuchu. Atatha anamina, anapepesa, nabwerera kwawo. Ngalande anaisiya mmene inalili.

M'mudzi monse anthu anali atayamba kuwatukwana a Sandalamu, koma mwakunong'ona. Chodabwitsa n'chakuti panalibenso amene ankavomera kuti anaima kumbuyo kwawo. Uyu akuti tsikulo ankangodutsa. Uyo akuti ankatsata mthunzi. Wina akuti anakokedwa ndi mkazi wake. Bodza lenileni! Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Mumzere wofika kukhola uja munaima mizukwa?

Nangondo anapita kwa a Kholowa kukawapempha kuti akakonze ngalande. Anawapeza akusema mpini. Sanadzutse mutu. Anamukumbutsa kuti khasu lili ndi mwini wake, ndipo mwambo wa makolo unali umodzi wokha: wogawa madzi ankachotsedwa ndi anthu omwe anaima kumbuyo kwake. Ankayenera kukaima kutsogolo kwake, maso ndi maso, kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka lifike paliwombo, tsiku ndi tsiku, kufikira atachuluka kuposa otsala.

"Ine sindinawaike," anatero a Kholowa. "Amene munawaika, kawachotseni."

Mawuwo anamubaya, chifukwa anali oona. Anadziwanso kuti m'mawa uliwonse umene akaime pakhomo pa munthu, mtsuko ukhala pansi ndipo nyemba sizimwa. Anaganiza, anaganiza. Kenaka anamanga nsalu m'chiuno.

Kutacha anakaima pakhomo pa a Sandalamu, yekhayekha. A Sandalamu atatuluka n'kumuona, anazindikira chimene wadzera.

"Mlamu, inuyo? Ine amene ndinalira amuna anu mpaka mawu kutha?"

Nangondo sanasunthe.

"Munalira, ndipo ndikuthokozabe mpaka lero. Koma nyemba zanga sizimwa misozi. Ndine ndinakuikani, ndinalakwa ndine. Ndabwera kudzakuchotsani."

Anthu odutsa anagwira pakamwa. Ena anamunena kuti ndi wosayamika. Ena anati akadzamwalira aona amene adzamulire. Iye anaimabe mpaka dzuwa paliwombo.

Tsiku lachiwiri anaima yekha. Lachitatu anaima yekha. Madzulo ake, m'malo mokatunga, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Sankanyengerera munthu. Anauza mayi wina kuti, inu munali patsogolo panga, munavala mpango wofiira. Anakumbutsa bambo wina kuti anamuponda chala pamzere pomwepo. Amene ankati ankatsata mthunzi uja, Nangondo anamufunsa ngati mthunziwo wamwetsa mpiru wake. Ena anamutsekera chitseko. Ena anangoweramitsa nkhope.

Tsiku lachinayi kunabwera amayi awiri, atafunda nsalu mpaka m'maso ngati akupita kokaba. Lachisanu anakwana asanu ndi mmodzi. Tsiku lililonse Nangondo ankadzera kudimba, n'kuona masamba akugwa, n'kupitirira kukaima. Mtima unkamuwawa zedi, koma kubwerera m'mbuyo anakana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi bwalo la a Sandalamu linadzaza. Aliyense ananena ndi pakamwa pake kuti ndine ndinakuikani. Ngakhale akuluakulu omwe ananena. A Sandalamu analowa m'nyumba, natulutsa khasu litachita dzimbiri. Analira, monga mwa masiku onse. Ulendo uno panalibe wowatonthoza.

Tsiku lomwelo anthu anaima kumbuyo kwa a Kholowa. Iwo sanathokoze, sanamwetulire. Anangoti aliyense akatenge khasu lake, chifukwa matope a miyezi iwiri munthu mmodzi sangawathe. Mudzi wonse unalowa m'ngalande. Anakumba, anakumba, anakumba. Madzi anayamba kutsika. Dimba loyamba linamwa. Lachiwiri linamwa. Mpiru wa anthu unadzuka, maungu anadzuka. Kwa Nangondo, kumapeto kuja, madzi anafika patapita masiku atatu.

Anapeza nyemba zitauma kale. Ukagwira tsamba linkangofumbutuka m'manja.

Nangondo anaima m'dimbamo, madzi akumudutsa m'mapazi. Anthu anasonkhana m'mbali. Madimba awo anali atapulumuka chifukwa cha iyeyu, ndipo lake lokha ndilo linafa. Mayi wa mpango wofiira uja anayamba kusisima, nati pepani.

"Pepaniyo sungani," anatero Nangondo. "Tapepesana mokwanira m'mudzi muno. Aliyense amene tinali naye pamzere uja andibweretsere nyemba zodzaza dzanja limodzi. Ndidzala mawa."

Anabweretsa. Wina dzanja lodzaza, wina theka, wina njere zowerengeka, poti chinali chaka cha njala. Nangondo anazula zouma zija, anagalauza nthaka yonyowa, nadzalanso. Nyengo inali itapita, ndipo zambiri sizinabereke. Ana ake anakhalira khwanya, masamba a nyembazo, m'mawa ndi madzulo mpaka mvula inagwa. Wamng'ono anaonda mpaka tsitsi kufiira. Koma onse atatu anaiona mvulayo ndi maso awo.

Iwe amene ukufunsa za mbuzi, mbuzi sinabwerere. Inapita basi.

Nthano yanga yafika pamapeto, ndaitula apa. Munthu amene mwamusankha nokha akalakwa, musafunse kuti anamuika ndani: munamuika ndinu, ndipo womuchotsa ndinu nomwe.