Dimba la a Manesi Linapita ndi Chala

Ofesi yolembetsa minda ya kufupi ndi Kasakula inali chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa chigayo. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi kompyuta yakale ya chibokosi chimene chinkalira ngati njuchi mumng'oma. Mpando wa patebulopo unali wa a Alexio, bambo wa imvi za m'mbali, amene anaukhalira zaka zisanu ndi zinayi. Oyenda m'midzi ankabwera ndi mapepala a malire, iwo n'kumajambula malirewo pa chithunzi cha minda chojambulidwa kuchokera m'mwamba. Ankajambula ndi mausi, kachipangizo kokhwekhwereza patebulo kamene kamayendetsa kamuvi pagalasi. Kamuviko n'kosongoka ngati singano. Kakaloza chulu kaloza chulu, kakaloza mzere kaloza womwewo, osati wa pambali pake. Pa ntchito imeneyi panalibe wowaposa m'dera lonselo, ndipo iwo ankazidziwa zimenezo mopitirira muyeso.

Kenaka a bungwe lolipira ntchitoyo, anthu osachedwa kutopa ndi chinthu chimene chikuyenda bwino, analamula kuti malire azijambulidwa m'munda momwemo, eni ake akuona, pogwiritsa ntchito matabuleti, timakompyuta tagalasi tonyamula m'manja, toyendetsa ndi chala. Kunabwera amalonda awiri ochokera ku Lilongwe, aliyense ndi tabuleti yake, ndipo ananyozana pamaso pa komiti ya ofesiyo ngati akazi a pamitala.

Woyamba anati sisitimu ya tabuleti yake, kunena kuti nzeru zoyendetsa makinawo, inapangidwira chala, monga ya m'mafoni. Koma pulogalamu yakale ya a Alexio sikanalowamo. Panafunika ina yatsopano ya mabatani akuluakulu, imene imafunsa kawiri munthu asanasunthe malire, ndipo woigwiritsa ntchito anayenera kukakhala masabata atatu ku Mponela akuiphunzira. Wachiwiri anangoseka. Anati ya mnzakeyo inali foni yonenepa chabe, yotonthozera ana. Yake inali ya mtundu umodzi ndi kompyuta ya patebulo, moti pulogalamu yakale inkalowamo yonse mmene inalili, osasintha ngakhale batani limodzi. Anati wogula yakeyo wagula ziwiri m'chimodzi, kompyuta ya muofesi ndi tabuleti ya kumunda.

Mawu amenewo anawakhala pamtima a Alexio. Ku Mponela sankakufuna, chifukwa wophunzitsa kumeneko anali Peggy, mayi wa bungwe amene anayamba ntchito iwo atadya kale zaka zisanu pampando. Kukakhala pabenchi ngati mwana wa sitandade wani, mayiyo akuwakonza, kunali kuvula chipewa pamaso pa anthu. Koma tabuleti nayo ankaifuna, pakuti wonyamula tabuleti ndiye ankakwera njinga yamoto ya ofesi ndi kuyaliridwa mphasa m'midzi. Anafuna kusunga ukatswiri wawo wakale, n'kulandiranso ulemu watsopano, osatayapo kanthu.

Peggy sanalimbane nawo ndi mawu ambiri. Anatenga tabuleti yachiwiriyo, n'kutsegula mapu, n'kuika chala chake pagalasi.

"Bambo Alexio, taonani. Chala changa chokha chaphimba mizere makumi awiri. Nanga chanu? Pulogalamu iyi anaipangira kamuvi, osati chala."

"Mayi, pulogalamu iyi ndakalamba nayo," anatero a Alexio. "Ndingaiyendetse ngakhale ndi chigongono."

A komiti anaseka, ndipo poseka pomwepo nkhani inatha. Palibe mwa iwo amene ankadziwa za makina, choncho anatsata munthu amene anamuzolowera. Anasankha tabuleti yachiwiri. Kompyuta yakale inakwezedwa m'galimoto kupita ku boma, poti wokhala ndi ziwiri m'chimodzi safunikanso yachitatu.

Mwezi wa Okutobala ntchito inafika kwawo kwa a Alexio, m'mudzi wa pa mtsetse wa phiri, ulendo wapansi wa maola atatu kuchokera ku ofesi. Kumeneko kunali munda wa mlongo wawo wamkulu, a Manesi, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu awiri. Mundawo unali wa amayi awo. Unkayambira pa mpanda wa khonje kumtunda, kudutsa pa chulu, n'kutsetsereka mpaka pa kasupe. Kumtundako kunali nthaka yofiira yotopa, yobereka chimanga chotha mu Ogasiti. Moyo wa banjalo unali kumunsi, pa dimba la pakasupe, pamene a Manesi ankalima mpiru, tomato, zitheba ndi chimanga cha chilimwe. A Alexio ndiwo anali mwinimbumba. Mwa mwambo wathu, mlongo wamwamuna ndiye mpanda wa alongo ake ndi ana awo, ndiye wowayankhulira pa milandu, pa maukwati ndi pa maliro.

Wochita nawo malire kumunsiko anali Rodrick, mlimi wa fodya wa zigafa zinayi. Kasupeyo ankamulakalaka kalekale chifukwa nazale ya fodya imafuna madzi mvula isanagwe. Anapemphapo kawiri kuti amugawire, ndipo kawiri konse a Manesi anamukaniza mwaulemu.

A Alexio, a Manesi ndi Rodrick anayenda m'malire onse atatu ali pamodzi, monga lamulo la ntchitoyo linkanenera. Dzuwa linali la pamutu, galasi likunyezimira ngati lata latsopano. Pa ngodya iliyonse a Alexio ankaika kadontho pa mapu, ndipo kadontho kalikonse kankawavuta. Mabatani anali ang'onoang'ono ngati njere za mapira. Akafuna ili, chala chinkagunda la pambali pake. Ankabwereza katatu, kanayi, thukuta likugwera pagalasi, koma osaonetsa kuti zikuwavuta. Pomaliza madontho onse anakhala m'malo mwake, la kasupe lili pa kasupe.

Atatha, anatembenuza tabuleti kuti aonetse mlongo wawo, ataigwira m'mphepete, chala chachikulu chili pagalasi. Pamenepo ndi pamene zinalakwika. Ndi mausi munthu sasuntha kanthu pokhapokha atadina mwadala, koma pagalasi kungokhudza ndiye kudina komweko. Chala chija chinagwira kadontho ka kasupe n'kukakokera kumtunda mpaka pa chulu. Pulogalamuyo sinafunse kalikonse, pakuti oipanga sanaganizepo kuti tsiku lina munthu adzanyamula galasi lake m'manja pakati pa munda.

A Manesi anasuzumira atatchinga maso ndi dzanja.

"Alongo, kasupe ali mbali iti pamenepa? Ine ndikungoona nkhope yanga."

"Kasupe ali pomwe anali. Kodi makina angakumwereni madzi? Dindani apa, dzuwa latikwana."

A Manesi anadinda chala chawo pa pepala lovomereza malirewo. Rodrick, amene anafika fomu thuu ndipo maso ake anali akuthwa, anayang'ana pagalasipo nthawi yaitali ndithu. Sanafunse kanthu. Anasaina msanga, n'kuthokoza a Alexio chifukwa cha ntchito yabwino.

Mapu onse anasindikizidwa n'kupachikidwa pa khoma la ofesi kwa miyezi iwiri, kuti woona cholakwika adandaule. Sabata yachiwiri isanathe kunabwera anthu anayi. Wina munda wake unalowa mumsewu, wina unameza manda, wina unachepa ngati mphasa. Pofika kumapeto a mwezi odandaula anakwana khumi ndi mmodzi. Peggy anawachonderera a Alexio kuti aonenso mapu onse amene anajambula ndi tabuletiyo, limodzilimodzi, ndi kuti alembere akuluakulu a bungwe kuwauza kuti chipangizocho sichikugwirizana ndi pulogalamu. Iwo anakana. Anati alimi amangokonda milandu, ndipo pa minda mazana atatu zolakwika khumi ndi chimodzi si nkhani. Mumtima ankadziwa kuti kulemba kalata imeneyo kunali kuvomera pamaso pa komiti kuti mayiyo ananena zoona. Choncho ankangokonza mwakachetechete za amene abwera kudzadandaula, akugwiritsa ntchito kansonga ka chala chaching'ono, atatseka chitseko.

A Manesi sanabwere. Ulendo unali wautali, mapu sankatha kuwawerenga, ndipo ndani amapita kukafufuza chimene chajambulidwa ndi mlongo wake weniweni? Pepala la munda wawo linali pafupi ndi chitseko, ndipo a Alexio ankalidutsa m'mawa uliwonse. Tsiku lina anaima kuti aliyang'ane, koma pakhondepo panali anthu, ndipo sanafune kuoneka akukayikira ntchito ya manja awo. Analowa m'kati. Miyezi iwiri inatha, mapu anatsitsidwa n'kutumizidwa ku boma.

Ziphaso za minda zinatuluka chaka chotsatira, mu Ogasiti. Seputembala atangoyamba, Rodrick anatsika ndi antchito ake pa dimba lija. Anazula mpiru ndi tomato n'kuunjika bwinobwino pa chulu kuti mwini wake adzatenge, kenaka anayamba kukonza mabedi a nazale. A Manesi atathamangirako, iye anawaonetsa chiphaso chake, chidindo cha boma chili pamenepo.

A Manesi anafika ku ofesi masana, mapazi ali mbuu, chiphaso chawo atachikulunga m'chitenje. Sanakhale pampando. Anachiika patebulo n'kufunsa mlongo wawo kuti awawerengere pamene munda wa amayi awo ukuthera. A Alexio anachiyang'ana chiphasocho. Anayamba kunena kuti mwina a ku boma analakwitsa posindikiza, mwina Rodrick anapereka kenakake kwa wina. Peggy, amene anali pomwepo tsiku limenelo, anatsegula mbiri ya mapuwo m'tabuleti. Makinawo sankafunsa munthu asanalakwitse, koma ankasunga bwino dzina la wolakwitsa. Panali tsiku, panali ola, panali dzina la a Alexio. Mayiyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangowatembenuzira galasi kuti aone okha.

M'mawa mwake a Alexio anapita kwa Rodrick. Iye anawalandira bwino, anawapatsa mpando wa ndalema, n'kumvetsera mpaka atamaliza.

"Bambo, ine ndinangosaina zimene munajambula inuyo," anatero. "Mayi aja anadinda okha, inu mukuona. Mapu anakhala pakhoma miyezi iwiri. Kapena mukufuna ndikanene ku boma kuti katswiri wathu wa mapu sadziwa mapu?"

Kusintha chiphaso kunkafuna kuti onse awiri avomere, apo ayi nkhani ipite kubwalo la milandu ya malo. A Alexio anakaitula kumeneko. Anauzidwa kuti adikire, poti milandu yofanana ndi imeneyo inali mulu, ndipo kalaliki wina anawakumbutsa kuti chidindo cha chala cha mlongo wawo sichidzafufutika pa pepala lija. Mpaka lero akudikirabe.

Zolakwika zotere zinapezekanso m'maofesi ena amene anagula kwa wamalonda yemweyo. Bungwe linatolera matabuleti onsewo n'kubweretsa a mtundu woyamba uja, amene ananyozedwa kuti ndi foni zonenepa. Wamalonda wa ziwiri m'chimodzi foni yake sinkapezekanso. Ku ofesi ya kuseri kwa chigayo kunatumizidwa munthu wina amene anaphunzira ku Mponela. A Alexio anapempha kuti awabwezere kompyuta yawo yakale azigwirira m'kati monga kale, koma anauzidwa kuti inaphwasulidwa, ndipo pulogalamu yawo palibenso amene akuigwiritsa ntchito. Anapempha kuti apite ku maphunziro aja tsopano, anauzidwa kuti anatsekedwa. Anapereka makiyi a njinga yamoto, n'kubwerera kumudzi pa kabaza.

Patapita masiku analimba mtima n'kutsikira kukasupe. Anapeza a Manesi ali ndi keni m'manja, akuthirira mabedi a nazale. Chimanga cha kumtunda chinali chitatha, ndipo Rodrick anawalemba ganyu yothirira fodya wake, malipiro ake ndowa ya mgaiwa. Ankatunga pa kasupe yemwe amayi awo anafukula, n'kumathirira mbewu za mwini watsopano, pa nthaka imene manja awo anaifewetsa zaka makumi atatu.

A Alexio anavula chipewa. Anayamba kufotokoza za mabatani, za dzuwa, za wamalonda wabodza uja, za bwalo limene tsiku lina lidzaitana. A Manesi anapitiriza kuthirira mpaka keni inatha. Kenaka anaiika pansi n'kuwongola msana.

"Alongo, ndinakufunsani kamodzi kokha kuti kasupe ali mbali iti. Mukanangoyang'ana."



"Ndawauza ana ndi adzukulu," anapitiriza a Manesi, mawu awo ali phee. "Za mbumba ino aziyankhula ndi a Isake, ang'ono anu. Ndipo tsiku langa likadzafika, woloza pokumba manda anga asadzakhale inu."

Anatola keni yawo n'kubwerera kukasupe.

A Alexio anakwera mtunda okha, chipewa chili m'manja. Masiku ano amapezeka pakhonde la nyumba yawo, ndipo odutsa amawapatsa moni wa patali. Anakana kusiya chakale, anakananso kuphunzira chatsopano, koma ulemu wa zonse ziwiri ankaufuna. Lero alibe mpando, alibe njinga, alibe mbumba, ndipo amene anawadalira osafufuza ndiye anayamba kuzunzika iwo asanamve kanthu. Makolo athu sanaone tabuleti, koma munthu wotere anamuona kalekale akuthamangathamanga pa mvula, ndipo anati: mapanga awiri avumbwitsa.