Masamu Ogulira Njinga ya Zena

Pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Lungwena panali mphunzitsi wa Sitandade 4 dzina lake Ambrose Mtambo. Anali munthu wamfupi, wa mawu otsika, koma akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhanu yapana chala: uigwedeze, uimenyetse pansi, siitaya.

M'chaka cha 1982, m'kalasi mwake munali malo amodzi opanda munthu amene ankamulasa mtima tsiku ndi tsiku. Anali malo a Zena, mtsikana amene poliyo inamupuwalitsa miyendo akadali wamng'ono. Zaka zonsezo amayi ake ankamubereka popita kusukulu, koma tsopano Zena anali atakula, ndipo msana wa amayiwo unali utakana. Kunamveka kuti ku Blantyre kuli amisiri opanga njinga za matayala atatu zopalasa ndi manja. Aphunzitsi anagwirizana zochititsa mpikisano wa masamu pa tsiku la makolo, kuti zimene anthu adzafupe ana okhoza zikagule njingayo. Ikapanda kupezeka, ndiye kuti sukulu ya Zena yathera pomwepo.

Pa zimenezo onse anali amodzi. Anasiyana pa funso loti adzapikisane ndani.

"Titenga ana asanu ndi mmodzi akuthwa mutu a Sitandade 8," anatero a Gordon Mkwanda, mphunzitsi wamkulu. "Kudzakhala ansembe, kudzakhalanso a tcheyamani a nthambi ya chipani. Mlendo timamuonetsa mpunga, osati mankhusu."

"Chaka chatha tinaonetsa mpungawo, a hedi," anayankha Ambrose. "Tinagula nawo chiyani?"

"Mpira."

"Mpira umodzi, wopanda pampu. Anthu anaomba m'manja ndithu, koma amene ananyamuka kukafupa ndi makolo a ana asanu ndi mmodziwo basi. Munthu amafupa wake. Wa mnansi ngakhale avine chotani, umangoti wavina, dzanja lili phee m'thumba. Ine ndikuti alowe ana anga onse."

"Onse? Ndi Abiba yemwe?"

Abiba ankadziwika sukulu yonse. Chinali chaka chake chachitatu mu Sitandade 4, ndipo msinkhu anali atawapitirira aphunzitsi ake. Bambo ake, a Che Ibrahimu, eni khoka lalikulu padoko, anali atanena poyera kuti chaka chikatha amuchotsa, pakuti fizi yake inali ngati madzi othira mumchenga.

"Ndi Abiba yemwe," anatero Ambrose.

"Aphunzitsi, mukufuna kundivula pamaso pa alendo."

Anakangana mlungu wonse. Mmawa a Gordon akamalowa mu ofesi ankamupeza Ambrose ali pakhomo. Masana akamaweruka ankamupezanso pomwepo. Potsiriza anatopa naye. "Chitani," iwo anatero. "Koma anthu akangoyamba kuseka, ndidzaimirira n'kuitana a Sitandade 8, inu mudzakakhala kumbuyo."

Ambrose anagawa ana ake m'magulu anayi: Chambo, Kampango, Utaka ndi Usipa. Lamulo la masewerawo analitenga padoko, pamene aliyense wogwira nawo chingwe cha khoka, ngakhale kamwana, sabwerera chimanjamanja. Mwana funso likamukanika ankaloledwa kunena kuti, "Ndigwirireni chingwe," n'kutchula mnzake mmodzi wa m'gulu lake. Mnzakeyo sankapereka yankho ayi. Ankangomuonetsa poyambira, mwini funso n'kumaliza yekha. Masana ankayeserera pansi pa mtengo wa mango ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Akatha pamenepo Ambrose ankakwera njinga yake n'kuyenda khomo ndi khomo, kwa Akhristu ndi kwa Asilamu komwe, kuuza makolo kuti mwana wawo adzafunsidwa funso pamaso pa anthu.

"Wathuyu?" anafunsa amayi ake a Stefano, akuyanika usipa pathandala. "Simunasokoneze ndi wa eni?"

"Wanu yemweyu, mayi. Mudzabwere mutamanga kenakake kumpango."

Tsikulo linali Loweruka, ndipo pabwalo panadzaza anthu kuposa chaka china chilichonse. Zena anabwera naye amayi ake kumsana, namukhazika pamphasa pakati pa gulu la Usipa. Itatha nyimbo ya fuko, anaika beseni lofupiramo pampando, mpikisano n'kuyamba.

Unayamba moipa. Stefano, atauzidwa kuphatikiza, anachotsera, ndipo za chingwe anaiwala. Wachiwiri, mwana wotchedwa Awa, anangoona khamu la anthu n'kuyamba kulira. Wachitatu anayankha funso lisanathe, n'kuphonya. Phwete linayamba kumveka uku ndi uku. A tcheyamani anayang'ana wotchi yawo. M'beseni munalibe ngakhale tambala imodzi, ndipo amayi ake a Zena anali atazyolika.

A Gordon anasendera pafupi ndi khutu la Ambrose. "Kwatsala mwana mmodzi yekha. Akaphonya ameneyo ndikuimirira."

Wotsatira pamzere anali Abiba. Kumbuyo kwake kunaima Davide, amene ankadziwa kuchulukitsa ngati pemphero la mmawa. Kukanakhala kosavuta kumudumpha mtsikanayo, ndipo palibe akanadandaula, ngakhale mwini wakeyo. Ambrose anamuyang'ana Davide, nayang'ananso beseni lija. Anadziwa kuti akadumpha mmodzi, makolo a ana onse ofooka aona kuti anawaitanira kudzaonerera ana a eni. Choncho anaitana kuti, "Abiba Ibrahimu, wa gulu la Usipa."

Mtsikanayo ataimirira, mwamuna wina m'khamumo anafunsa kuti, "Awo ndi ana a sukulu kapena ndi aphunzitsi?" Anthu anaseka. Kumbuyo kwenikweni a Che Ibrahimu anatembenuza njinga yawo kuti azipita.

"Seveni kuchulukitsa ndi eyiti," anatero Ambrose.

Thukuta linatsika m'masaya mwa Abiba, ndipo a Gordon anayamba kukankha mpando wawo. Kenako mtsikanayo ananena kuti, "Ndigwirireni chingwe. Zena."

Zena anadzutsa mutu pamphasa paja. "Seveni kasanu ndi sate faifi, achemwali. Kwatsala katatu."

Abiba anatambasula zala zake zazitali n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza mtolo pamtunda. "Fote thu. Fote naini." Anapuma. "Fifite sikisi."

"Bwereza, akumve ali kumbuyowo," anatero mphunzitsi.

"Fifite sikisi."

"Wakhoza," anatero Ambrose.

Nthungululu yoyamba inachokera kwa amayi ake a Zena. A Che Ibrahimu anatsamiritsa njinga yawo pamtengo, nadutsa pakati pa anthu osayang'ana kumbali, naponya ndalama m'beseni mpaka linalira. Kenako anatembenukira kwa mphunzitsi.

"Aphunzitsi, mumufunsenso lina. Mwina wangogwerapo."

"Funso lachiwiri silaulere, Che Ibrahimu."

"Akakhoza, nsomba za m'khoka la Lolemba n'za njinga ya Zena. Anthuwa ndi mboni."

"Sikisi kuchulukitsa ndi naini," anatero Ambrose.

Abiba anayang'ana kwa Zena, koma chingwe sanapemphe. Milomo yake inayenda yokha, zala zikupindika chimodzichimodzi. "Fifite folo," anatero. Bambo ake anavula chisoti chawo, nachiyang'ana ngati sakuchidziwa, n'kuchivalanso.

Pomwepo amayi ake a Stefano anaimirira akumasula mfundo ya mpango. "Wanganso mumufunse kachiwiri. Aja anali manyazi chabe, kunyumba amawerenga bwinobwino nkhuku zanga."

Chinayambira pamenepo. Kholo lililonse linafuna kuti wake amveke. Ana ankaphonyabe ndithu, ena kawirikawiri, koma tsopano wophonya ankaitana chingwe, mnzake n'kumugwirira, ndipo pofupa ankanyamuka mabanja awiri m'malo mwa limodzi. Amene analibe ndalama anathamangira kumudzi n'kubwera ndi mazira, mbale za usipa wouma, mpunga, wina tambala wamoyo womanga miyendo. Asodzi anagawikana, ena kumbali ya Chambo, ena ya Kampango, akunyozana ngati ali pa mpira. Awa, amene analira uja, anakhoza funso la kugawa, agogo ake aamuna n'kuvina ndi ndodo yawo. Ngakhale a tcheyamani anaiwala wotchi pamene mdzukulu wawo wa m'gulu la Utaka anaitanidwa.

Pomaliza beseni analinyamula ndi a Gordon eni ake, ndi manja awiri, atalitsamiritsa pamimba.

"Chaka chamawa, aphunzitsi, ilowe ndi Sitandade 1 yomwe," iwo anatero.

"Mankhusu aja, a hedi?"

"Ndinati mankhusu ine? Makutu anuwo akaonedwe kuchipatala."

Zofupa zija zitagulitsidwa pamodzi ndi nsomba za Lolemba, njinga inaitanitsidwa, ndipo inafika pa lole yochokera ku boma la Mangochi mvula isanagwe. Tsiku loyamba Zena anaipalasa yekha kuchokera kwawo, koma pafupi ndi sukulu pali mchenga wambiri, matayala n'kutitimira. Ambrose, ali pakhomo la kalasi, anamva mwanayo akuitana moseka kuti, "Ndigwirireni chingwe." Woyamba kufika kudzakankha anali Abiba, amene bambo ake anali atamulipirira kale fizi ya Sitandade 5.

Ana asanu ndi mmodzi anzeru anagula mpira wopanda pampu. Kalasi yonse, ofooka ndi amanyazi omwe, inabweza mnzawo pasukulu. Ambrose Mtambo anauma mutu chifukwa anadziwa chimene akuluakulu ananena kalekale, kuti chiswe chimodzi sichiumba chulu.