Nyimbo M'kompyuta ya Wamasiye

Panali mayi wina wamasiye, dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake anasiya kompyuta, ndipo mmenemo munali zithunzi zimene ankatumiza kwa dokotala ali kudwala: thupi litatha, zilonda zili poyera. Asanatsirizike anati, "Nankhoma, izi asadzazione munthu."

Nankhoma anazifufuta zonse.

Pogawa katundu, mlamu wake anati kompyutayo ndi ya kwawo, ndipo aitenga ikuyaka. Munthuyo analitu wapakamwa. Ankalengeza kuti ali ndi katswiri wodziwa kudzutsa zofufutidwa, ndipo abale onse adzaona mmene mkaziyu anamulekerera m'bale wawo.

Nankhoma anagwidwa ndi mantha. Aiphwanye kompyutayo? Anena kuti wawononga chuma cha masiye. Afufute zonse mpaka isayakenso? Mlandu ndi womwewo. Anapita kwa mayi wina wokonza makompyuta kumsika.

"Amayi, kufufuta kuja mwangochotsa dzina pachitseko," anatero wokonzayo. "Kompyuta imati chipindacho n'chopanda mwini, koma katundu akadali momwemo mpaka wina atalowamo. Zimene zimaiyendetsa musazikhudze. Inu dzazani malo opanda kanthuwo."

Nankhoma anali ndi nyimbo imodzi yojambulidwa, imene kwaya ya amayi anzake inaimba pamaliro. Anaikopera, nakoperanso makope a makopewo, osatopa, mpaka kompyuta inadandaula kuti malo atheratu. Kenako anafufuta makope onse aja. Anaizimitsa, naiyatsanso. Inayaka bwinobwino.

Mlamu anaitenga monyada, naitana abale kuti adzaonerere. Nankhoma anaima kumbuyo. Katswiri anadzutsa choyamba: nyimbo. Chachiwiri: nyimbo yomweyo. Anakumba mpaka thukuta, koma ha! Paliponse pamene agwira, amayi aja akuimba. Azakhali a malemu anayamba kuvomereza, ena natsatira, khonde lonse n'kusanduka kwaya. Mlamu anasowa poyang'ana. Nankhoma anaimba mokweza kuposa onse, misozi yachimwemwe ili mbwembwembwe.

Inu amene mukundimva, mumati choipa chija ndinachichotsa mumtima. Mwangochotsa dzina pachitseko, abale anga! Malo mukawasiya pululu, wokumba adzachipeza chili chamoyo. Komanso musaphwanye mtima wonse pofuna kuiwala, chifukwa mawa muufunanso. Dzazani malowo ndi chabwino mpaka pasatsale mpata, ndiye akumbe amene akufuna kukumba.