Mpando wa Chikwama

Panali bambo wina wadazi amene ankapita ku Joni pa basi, ku ukwati wa mwana wake wamkazi. Sankafuna zocheza m'njira, choncho anagula mipando iwiri, wina wake, wina wa chikwama chake. Paja chikwama sichifunsa mafunso, ndipo sichigonera munthu paphewa.

Kumbuyo kwake kunakhala mayi wina ndi kamwana kake. Basi itangodutsa Mwanza, kamwanako kanaona dazi likunyezimira pamwamba pa mpando, n'kulimenya kuti pha!

"Pepani bambo," anatero mayiyo akukoka kadzanjako. "Akuyesa chivwende."

Bamboyo anatembenuka kuti akalipe, koma anapeza timano tiwiri tikumusekerera. Anabwezera mutu pamalo pake, nati, "Musiyeni mayi, aone ngati chapsa."

Ulendo wonse wodutsa m'Mozambiki, kamwanako kanayeza chivwende chake osatopa.

Pachipata cholowera m'Zimbabwe anthu onse anatsika kukadinditsa mapasipoti. Bamboyo anachedwa pamzere. Potuluka anaona basi ikunyamuka, chikwama chake ndi suti yaukwati zili momwemo. Anathamanga akukuwa, koma mawu ake anamira m'phokoso la mathiraki. Miyendo itayamba kumukana, basi ija inaima.

"Achikulire, mukanatsala," anatero kondakitala pakhomo. "Ine ndafunsa kuti aliyense aone ngati mnzake wapambali alipo. Onse ati alipo. Mnzanu wapambali uja sanayankhe kanthu."

"Nanga wandikumbuka ndani?" anafunsa bamboyo ali wefuwefu.

"Bwana awa," anatero mayi uja akuloza kamwana kaja, kamene kanali kadakali ndi misozi m'masaya. "Apapasa pampando, apeza chivwende chawo palibe. Kulira kwakeko, basi yonse yacheuka n'kuona kuti inu mulibe."

Anthu anaseka mpaka dalaivala yemwe. Bamboyo ananyamula chikwama chake n'kuchiponya pamwamba poika katundu.

"Mayi, samukirani kutsogolo kuno," anatero, "bwanawa asamavutike kunyanyamphira."

Inu amene mukumva, ulendo uliwonse uli ndi chipata pomwe anthu adzafunsidwe ngati mnzawo alipo. Tsiku limenelo katundu wanu adzangokhala chete pampando. Lolani wina akuvuteniko pang'ono lero, kuti mukadzasowa, iye adzapapase pamalo panu n'kuimitsa basi.