Sadaka ku Paki ya Bwana Kaliwo

Nkhani iyi ndinaimva ku Mwanza tikudikira basi, kale miyendo idakali yanga.

Bwana Kaliwo anamanga paki ya makatungwe, pambali n'kuikapo tinyumba ta alendo. Ankagulitsa masabata ogonamo, koma ogula anasowa, ndiye anaitana antchito ake.

"Aliyense agule sabata imodzi pachaka m'kanyumba, ndizidula kumalipiro. Wokana, geti ndi ilo."

Zefaniya, woyendetsa katungwe wamkulu, anaona kuti akagula ana agona ndi njala, akakana ntchito yatha.

"Bwana, sabata imeneyo nyumbayo ndi yangayanga?"

"Yakoyako, ngati kwanu."

"Ndagula. Loweruka abale adzaione."

Loweruka, alendo olemera atadzaza m'pakimo, lole inatsitsa azakhali, amalume, nkhuni, migolo ya thobwa ndi mbuzi ziwiri. Azakhali aakulu, aNangondo, anaika mafuwa pakapinga m'mbali mwa dziwe losambira. Ng'oma zinayamba. Mbuzi ina inadula chingwe n'kukadya maluwa.

Kaliwo anafika akuthamanga. "Iwe Zefaniya, n'chiyani chimenechi?"

"Sadaka ya malemu bambo, bwana. Kwathu imachitikira panyumba ya mwana wamkulu, chaka ndi chaka. Awa angobwera kudzaona malo, mudzi wonse uli m'mbuyo."

ANangondo anagwada mwaulemu. "Mwatichotsa manyazi, bwana. Nanga chimbudzi tikumbe pati?"

Kaliwo anayang'ana alendo ake akuthawa utsi. "Sindikugulitsanso! Ntchito uzigwira, malipiro sindikhudza, koma anthuwa akwere lole!"

Zefaniya anapukusa mutu ngati wakhumudwa kwambiri.

Ndipatsireni chikwama changacho, anzanga. Inu chezani, ine ndiyambepo.